Sitima Imene Agogo Anamiza ku Chilwa

Sitima ya Ajeremani ija ana a kupulayimale akuijambula masiku ano, ya kampope kosuzumira pamwamba pa madzi, ndinaiyambitsa ndine. Ndinaipanga m'kalasi ya Hisitole, Fomu 3, mimba ikulira. Sindikupepesa kwa aliyense. Chondiwawa n'chimodzi chokha, chakuti palibe amene amanditchula.

Kumtunda kwa mudzi wathu, ukachoka pa Ndunde kulowera kuphiri, kuli nsanja ya njerwa zootcha. Ilibe denga. M'kati muli makwerero a simenti ogumuka m'mbali, ndipo pamwamba pali timazenera toyang'ana mbali zonse, ndi chimpope chachitsulo cholendewera pa waya. Anaimanga azungu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, poopa kuti ndege za adani zidzaphulitsa Limbe. Ankafuna munthu woti azikhala pamenepo n'kumayang'ana kumwamba, akaona ndege amenye chimpope. Munthuyo anali agogo anga, bambo awo a amayi.

Ndege sinabwere. Nkhondo inayamba, inakula, inatha, agogo akuyang'anabe kumwamba. Anzawo anapita ku Bama, anabwerako ndi mamendulo, ena ndi mwendo umodzi. Agogo anatsika pansanja ndi khosi louma basi. Anali mkamwini pamudzi pano, ndiye mukudziwa kale mmene pakamwa pa anthu pamathamangira mkamwini akapeza ntchito yokhala pansi. Anawatcha msilikali wa akhwangwala. Iwo anamwalira ine ndisanabadwe, koma dzinalo silinalowe nawo m'manda. Linatsalira malume, mwana wawo woyamba, amene ndi mwinimbumba wathu.

Malume ndi munthu woseka, koma osati pa nkhani ya nsanja. Chaka china anathamangitsa wogula nandolo ndi mpini mpaka kumsewu, chifukwa chofunsa mosadziwa ngati iwo ndi mwana wa mlonda wa mbalame uja. Sikelo ya munthuyo inagona kwathu mpaka anabwera ndi mkulu wa mpingo kudzaitenga. Amene amawanena n'kupulumuka ndi mmodzi yekha, mnzawo wa bawo, mwini golosale, amene bambo ake ndi mmodzi wa aja a ku Bama. Akawagonjetsa amayang'ana kumwamba n'kunena modekha, "Achimwene, taonani ndege." Malume amanyamuka osatsanzika, mawa lake n'kubwereranso. Chimpope chija nachonso palibe wochimenya. Malume analetsa. Amati chinaikidwa kuti chidzalire pa tsiku la ngozi, si chidole.

Masiku ano nsanja ili ndi ntchito kuposa nthawi ya agogo, chifukwa ndi pokhapo m'dera lathu pamene netiweki imagwira bwino. Madzulo umapeza anthu ali ndandanda pamakwerero, mafoni m'mwamba, makosi opindika, ngati mudzi wonse unalembedwa ntchito ya agogo. Akazi amene amuna awo ali ku Joni ndiwo amakwera poyamba, ife otsalafe timadikira athe kukalipa. Pamenepo m'pamene achemwali anga, amene amasoka zovala pakhonde pa Ndunde, anakumana ndi Sala athu a Hisitole. Sala anagwetsa foni, achemwali anatola. Ndikanatola ine, nkhani yonseyi sikanakhalapo, ndi foniyo yomwe.

Sala anali atangobwera kumene kuchokera ku Kasungu. Munthu wabwino, ndivomere, wowonda, wa taye ngakhale kutentha kwa Okutobala, wolankhula "ndidaona, ndidamva" ngati wailesi. Ine ndinalibe nawo mlandu mpaka tsiku limene amayi anaima pakhomo la gowelo langa n'kuyamba kuyeza ndi maso kuchokera pamtengo wa mango kukafika pakhola.

"Mukuyeza chiyani, amayi?"

"Nyumba ya alamu ako."

"Alamu ake ati?"

"Aphunzitsi ako aja. Loweruka abwera kudzaonekera kwa amalume ako. Zikayenda bwino, nyumba idzakhala pano."

"Nanga gowelo?"

"Uzigona ndi mbuzi. Mumamvana kale."

Taganizani. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi. Ndiye kuti munthu amene amandipatsa chibalo kusukulu azidzatsuka m'kamwa pamene panali mphasa yanga, akundifunsa za homuweki ndisanasukusule. Achemwali ankangoimba nyimbo za kwaya pamakina. Ankamukonda zenizeni munthuyo, ndipo tonse tinkadziwa kuti malume akangoti ayi, ukwati watha. Anakanizapo kale wina, wa kabaza, chifukwa chowapatsa moni ali panjinga, ndipo achemwali analira mpaka anasoka diresi ya munthu manja onse mbali imodzi. Ine m'malo momva chisoni ndinaona kuti malume ndiwo mfuti yanga. Chinkasowa ndi chipolopolo.

Chinabwera chokha. Tsiku lina m'kalasi Sala anatiyendetsera chithunzi pafoni: nsanja yaitali m'mbali mwa nyanja yamchere ku Ulaya, mmene asilikali ankakhala n'kumayang'anira sitima za adani. Anafotokozanso za sitima zoyenda pansi pa madzi, zosuzumira ndi kampope. Ndinakweza mkono.

"Sala, ifenso tili nayo. Ija mumakasakako netiweki."

Kalasi yonse inaseka, poti aliyense ankadziwa netiweki imene Sala ankaisaka kumeneko.

"Imene ija idali ya ndege," anatero Sala, akukonza taye.

"Zimenezo n'zimene azungu anauza anthu, Sala, kuti asachite mantha. Zenera la kum'mawa limayang'ana kuti? Si ku Chilwa?"

Zoona, tsiku lopanda nkhungu ukakhala pamwamba paja umaona kamzere koyera kutali kum'mawa. Ena amati ndi nyanja ya Chilwa, ena amati ndi malata a anthu. Sala ku Chilwa anali asanapondeko. Sankadziwa kuti nyanja imeneyo zaka zina imauma mpaka anthu amadutsapo panjinga, ndipo kuti sitima ikanati ibisale m'menemo ikanaonekera msana ngati mvuu m'chithaphwi. Chimene ankadziwa n'chakuti pa nkhondo yoyamba Ajeremani analidi ndi sitima pa nyanja yathu yaikulu ija. Ndinaona maso awo akuwala. Anzanga anaweramira m'makope, mapewa akugwedezeka, koma palibe anandiulula. Fomu 3 sigulitsana.

Titaweruka anandiitanira kuseri kwa ofesi.

"Zija umanena zija udazimva kwa yani?"

"N'za m'banja mwathu, Sala. Agogo ndi amene anaiona sitima ya Ajeremaniyo. Anangoona kampope kakuyenda m'mabango. Koma boma linawaletsa kuulula, ndiye anthu mpaka lero amangowaseka."

"Amalume ako amaikonda nkhaniyi?"

"Kuikonda? Mukangoiyamba, basi mwakwatira."

Anandigulira mandasi. Ndinadya, anatsika bwinobwino.

Loweruka ndinasesa bwalo osatumidwa, amayi mpaka anandigwira pachipumi kuti aone ngati ndikudwala. Ndinaika mpando wa malume pamthunzi, n'kutsamiritsa mpini pafupi kuti asavutike kufunafuna. Kenako ndinakwera mumtengo wa mango. Wa golosale analipo ndi bawo lake, ndipo anakana kuchoka, akuti masewera sanathe.

Sala anafika thukuta lili kamukamu. Moni unadutsa bwino. Mafunso ndi amene sanadutse bwino. Malume anafunsa ngati amadziwa kulima, Sala anayankha za fodya. Anafunsa kuti nandolo amabzala motalikana bwanji, Sala anati kwawo sadya nandolo kwenikweni. Malume anayamba kutokosa m'mano ndi kachitsotso, chizindikiro chakuti nkhani ikutha. Apo Sala anaona kuti akumira, anagwira chingwe chimene ndinawapatsa.

"Bambo, ndidamva ndi ulemu waukulu za bambo anu, msilikali wa pansanja paja."

M'nyumba, kuseri kwa chitseko kumene achemwali ankamvetsera, kunagwa mbale. Wa golosale anayamba kale kuyang'ana kumwamba. Dzanja la malume linafika pa mpini.

"Mwati msilikali wa chiyani?"

"Wa pansanja, bambo. Amene adaona sitima ya Ajeremani ya pansi pa madzi ku Chilwa. Ife a Hisitole timadziwa kuti nkhondo siimenyedwa ndi mfuti zokha. Maso a munthu mmodzi angapulumutse dziko. Chondimvetsa chisoni n'chakuti boma lidawaletsa kunena."

Ndinakumbatira nthambi, kudikira kuti ndione taye ikuuluka kulowera kumsewu. Malume anayang'ana Sala. Anayang'ana mpini. Kenako anayang'ana mnzawo wa golosale, amene anali atayasama, njere za bawo zili m'manja. Dzanja linachoka pa mpini.

"Aphunzitsi, nkhani imeneyi ili m'mabuku?"

"Siidalowebe, bambo, koma iyenera kulowa."

"Mwamva, achimwene? Bambo anu ku Bama kuja anaionako sitima ya pansi pa madzi?"

"Aaa, achimwene," anatero wa golosale, "ku Chilwa? Kuja ng'ombe zimawoloka osanyowa mchombo?"

"Inabwera dzinja. Kapena mukutsutsa mphunzitsi wa sekondale? Inu paja munalekeza Sitandade chani?"

Wa golosale anabweza njere m'mabowo. Malume anatembenukira kukhitchini n'kuitana amayi.

"Mlongo! Tambala wofiira uja, mugwireni. Pano pabwera munthu wophunzira."

Ndinatsika mumtengo ngati bango lophwanyika, ndipo tambalayo amene anamuthamangitsa ndine.

Zimene zinatsatira sindinazione zikubwera. Sitima yanga ndinaipereka ili yopanda kanthu, kampope ndi mabango basi. Malume anaitenga n'kuiphika. Pa bawo anaonjeza kuti agogo anaona ndevu za woyendetsa. Atafunsidwa chifukwa chake chimpope sichinamenyedwe, anati munthu wanzeru samenya chitsulo mdani akumva. M'malo mwake agogo anatenga kagalasi kawo kometera ndevu, anaunikira dzuwa m'kampope, woyendetsa anachita khungu, sitima inakadzibaya m'matope. N'chifukwa chake, anatero malume, matemba a ku Chilwa amamveka kafungo ka dizilo. Anthu amene adya matemba moyo wawo wonse anayamba kuwanunkhiza pamsika n'kumavomereza.

Nawo akhwangwala anakwezedwa paudindo. Malume anati agogo anawaphunzitsa kunyamula uthenga kupita ku Zomba, ndiye dzina lija, msilikali wa akhwangwala, anawapatsa ndi azungu eniake ngati ulemu. Munthu amene ankatenga mpini akamva dzinali anayamba kulitchula yekha, chifuwa patsogolo. Mphunzitsi wina wa kupulayimale anabweretsa ana kudzaona nsanja. Pomaliza ngakhale wa golosale anagonja. Anayamba kunena kuti bambo ake anaimva nkhaniyi ali ku Bama komweko.

Pa nthawiyi njerwa za nyumba ya Sala zinali zikuuma pafupi ndi gowelo langa, ndipo zina ndinaumba ndine.

Ena amaganiza kuti ndinaulula chifukwa cha chikumbumtima. Amenewo sandidziwa. Inali nsanje. Nsanja inabala nsanje, kungosintha chilembo chimodzi. Tsiku lina pamakwerero kamwana ka Sitandade 4 kanayamba kundifotokozera nkhani ya sitima, ine mwiniwake. Nditakauza kuti za galasi panalibe, kanandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala za kumapazi.

"Inu simukudziwa. Munalipo?"

Zinandiwawa kuposa chikwapu. Munthu ungapeke bodza lokongola chonchi, ena n'kulitenga, kulivekanso jekete, iwe n'kumakuphunzitsa?

Lamlungu titabwera kutchalitchi tinali tonse pakhonde. Malume pampando wawo, amayi akusenda nandolo, achemwali akupinda nsalu ya diresi ya chinkhoswe. Sala analiponso, poti tsopano ankabwera ngati kwawo. Ndinaimirira, ndinatsokomola ngati wolengeza zopereka.

"Sitima ija ndinapeka ndine. Kunalibe sitima. Ndinkafuna Sala athamangitsidwe kuti gowelo langa lisagwe."

Ndinkayembekezera kuti wina anene kuti mwana uyu ali ndi mutu. Palibe ananena. Nkhope ya Sala inatuwa ngati yopaka choko. Anatsika pampando n'kugwada.

"Bambo, ndidakunamizani mosadziwa. Mundikhululukire. Mawa ndikauza kalasi, ndipitanso kupulayimale ndikanene kuti kudalibe sitima."

Apo m'pamene ndinayang'ana achemwali. Singano inali itaima m'nsalu. Ankangoyang'ana pakamwa pa malume. Sala akakafafaniza sitimayo, malume akanasanduka choseketsa kuyambira pa Ndunde mpaka ku Mbulumbuzi, ndipo munthu wowachititsa manyazi otere sakanamanga ngakhale chimbudzi pamudzi pathu. Ndivomere kuti chikumbumtima chinandiluma. Sizinakhalitse, zinali ngati kuyetsemula, koma zinachitika.

"Khalani pampando, aphunzitsi, mudetsa thalauza," anatero malume. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe. Ine ndinayamba kukatenga matemba ku Chilwa panjinga amayi akowa asanamere mano. Chaka chimene inauma ndinayenda pakati pake ndi mapazi angawa. Ukuganiza ndinapunthwa pa sitima?"

"Ndiye mumadziwa?"

"Wa golosale naye akudziwa. Koma angatsutse mphunzitsi wa Hisitole? Chiyambire tsiku lija wanenanso za ndege?"

Amayi anaseka mpaka nandolo anamwazika. Malume anabwerera kwa Sala.

"Mwana wa mlongo wangayu mukumufunadi?"

"Kwambiri, bambo."

"Ndiye sitima imeneyo musaivuule. Inamira, ikhale pansi pomwepo."

Sala anakonza taye. Ndinawamvera chisoni pang'ono, poti munthuyu amatha kukudula malikisi chifukwa cholakwitsa chaka chimodzi chokha.

"Koma bambo, Hisitole imafuna umboni..."

Achemwali anazula singano m'nsalu. "Hisitoleyo ndi imene mukwatire?"

Sala anayang'ana diresi, anayang'ana njerwa pabwalo, anakanda m'mutu.

"Ndingathe kumanena kuti anthu akuno amati."

"Anthu akuno ndine," anatero malume. "Zatheka."

Ine ndinaona kuti nkhani ikutsekedwa popanda dzina langa, ndiye ndinafunsa ngati tsopano azinena kuti woyambitsa ndine.

"Iwe unabweretsa chitini chopanda kanthu," anatero malume. "Injini ndinaika ndine. Za chilango chako afunse achemwali ako, ndi amene umafuna kuwaphera ukwati."

Achemwali sanafulumire. Anatsiriza kupinda nsalu, anadula ulusi ndi mano, kenako ananena chigamulo akumwetulira. Pa tsiku la chinkhoswe, popeza ndimakonda za pansanja, ndikakhale pamwamba paja kuyambira m'mawa, ndiziyang'ana kumsewu. Ndikaona lole ya alendo a ku Kasungu ndidziwitse anthu kuti amayi ayambe nthungululu nthawi yake. Mpunga, nkhuku ndi thobwa ndidzamva fungo lokha.

"Ndidziwitse bwanji? Mundipatse mayunitsi."

"Umenye chimpope," anatero malume.

"Si paja munati n'cha tsiku la ngozi?"

"Mkamwini akulowa m'mudzi. Ukufuna ngozi inanso yotani?"

Tsikulo ndinakwera dzuwa likungotuluka. Nsanja yonse inali yanga ndekha, poti mudzi wonse unali kwathu. Netiweki inali yodzaza mpaka pakamwa, popanda mayi wa ku Joni wondigunda ndi chigongono. Kumunsi ndinkaona utsi, mapoto akuluakulu, amayi a zitenje zofanana akuyenda uku ndi uku ngati nyerere. Mphepo inkandibweretsera fungo la nkhuku mwadala. Kum'mawa kamzere koyera kaja kanalipo, ndipo ndinakayang'anitsitsa nthawi yaitali, mwina mwake. Akhwangwala anabwera kudzatera pakhoma. Ndinawapatsa sawatcha monga mdzukulu wa bwana wawo, iwo anangondiyang'ana ndi diso limodzi. Dzuwa litafika pamutu khosi linali litayamba kuuma. Agogo anakhala chonchi nkhondo yonse, opanda ngakhale foni. Amene anawatcha waulesi akanayesa kaye tsiku limodzi.

Kenako fumbi linadzuka kumsewu, lole ya buluu, anthu akuimba kumbuyo. Ndinatola mwala waukulu umene ndinakwera nawo. Ndinaima bwinobwino, poganiza kuti chitsulo chimene agogo anachidikirira nkhondo yonse chikulira koyamba ndi dzanja langa. Ndinamenya.

Chinalira bwino, ngwee, mpaka phiri linayankha. Kumunsi nthungululu zinayamba. Chimene palibe ankadziwa, chifukwa palibe anachimenyapo, n'chakuti m'kati mwa chimpopecho munali mudzi wa mavu.

Makwerero aja sindikukumbuka kuti ndinawaponda. Ndinafika pa chinkhoswe lole isanafike, diso limodzi litatsekeka, mlomo uli ngati mbatata. Amayi anasiya nthungululu pakati. Achemwali, atavala diresi ija, anandiyang'ana, anayesa kudzigwira, analephera, anaseka mpaka ufa wa kumaso unachoka. Ndiwo amene anatuma mwana kuti andibweretsere mbale ya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku, akuti chilango chakwana. Ndinadya ndi mbali imodzi ya pakamwa. Sala, amene pofika madzulo anali alamu anga, anandipaka mankhwala otsukira mano pachikope, uku akuseka.

Malume sanataye mwayi. Anandikoka kupita nane kwa ankhoswe a ku Kasungu.

"Uyu ndi mdzukulu wa msilikali uja ndimakuuzani. Nsanja imene ija chiimangire, uyu ndi woyamba kuvulalirapo."

Alendo anaomba m'manja. M'zithunzi zonse za chinkhoswe ndilimo, kumbuyo kwa tambala ndi msoti, ndikumwetulira ndi theka la nkhope.

Gowelo linagwa mlungu wotsatira. Ndikugona m'chipinda cha matumba a chimanga, ndipo si zoipa, kulibe nsabwe za mbuzi. Alamu amatsukadi m'kamwa pamene panali mphasa yanga, amandifunsadi za homuweki. Koma m'kalasi wina akafunsa za nsanja, amayang'ana pansi n'kunena kuti anthu akuno amati, ine ndili pa desiki lakutsogolo ndikugwedeza mutu kuvomereza.

Lolemba la pambuyo pa chinkhoswe, diso lisanaphwe, kamwana ka Sitandade 4 kaja kanandipeza panjira n'kufunsa chimene chinandimenya. Ndinakauza kuti Ajeremani asanamire anatuma kazitape kudzabisa tizipolopolo ta mapiko m'chimpope, ndipo tinadikira zaka zonsezi. Kanatsegula pakamwa, kanathamangira kusukulu. Ndinakakuwira kuti kakamanena katchule kuti kamva kwa ine.